Mmene anthu anapezera mtsempha wa udzudzu

Ambiri a ife tikamakonzekera ulendo wopita kumudzi sitiiwala mapiritsi a malungo, ndipo tikafika chinthu choyamba kufunsa ndi neti. Koma ndi angati amene tinadzifunsapo kuti zimatheka bwanji kuti udzudzu ukangotera pa neti ija umagwa n'kufa, pamene khanda limene lagona m'katimo limaigwira, nthawi zina kuiyamwa kumene, m'mawa n'kudzuka likuseka? Chiphe chake ndi chimodzi chomwecho, ndipo mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi la udzudzu ndi ya m'thupi la khandalo inapangidwa mofanana kwambiri. Ine monga namwino nkhaniyi ndaionera mbali ziwiri. Ndapakapo odwala mankhwala ophera tizilombo pakhungu kuti achire mphere, komanso ndili kwathu ndinathandizapo anthu amene anabwera nawo ku chipatala ali thovu kukamwa chifukwa cha mankhwala a m'dimba. Kusiyana kwa zinthu ziwirizi kuli ndi mbiri yake, ndipo ndi imene ndikufuna tikambirane.

Poyamba tigwirizane za mmene mtsempha umagwirira ntchito, apo ayi tisocheretsana. Uthenga umayenda mu mtsempha ngati kamphamvu ka magetsi. M'mbali mwa mtsempha muli timakomo tambirimbiri timene timatseguka kanthawi kochepetsetsa kuti mchere wotchedwa sodium ulowe, kenako n'kutsekeka. Khomo lina likatseka, loyandikana nalo limatseguka, monga mmene timapatsirana njerwa pa chitukuko, kuchokera pa uvuni mpaka pa maziko. Pamene mtsempha wina wathera ndipo wina wayambira pali kampata, tinene kuti kamtsinje. Magetsi sawoloka pamenepo. Uthenga umawolotsedwa ndi mankhwala a m'thupi otchedwa acetylcholine, amene amakagogoda pa malo ake olandirira kutsidya. Akangogogoda, pamabwera wosesa, dzina lake acetylcholinesterase, amene amawachotsa msanga kuti uthenga usabwerezedwe. Zimenezi zili mwa ine, mwa inu, mwa mphemvu ndi mwa nsabwe. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amamenya pa khomo lija, pa wosesa, kapena pa malo olandirira uthenga.

Chodabwitsa n'chakuti anthu anayamba kumenya malo amenewa kalekale asanadziwe n'komwe kuti alipo. Mmene timakomo ta sodium timagwirira ntchito anafotokoza ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley mu 1952, atafufuza pa mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid ku Plymouth. Koma zaka zambirimbiri izi zisanachitike, anthu a ku Persia ndi a ku Dalmatia, dera limene lero lili m'dziko la Croatia, ankayanika maluwa ena oyera okhala ndi chikasu pakati, n'kuwasinja, ufa wake n'kumaphera nsabwe, utitiri ndi nsikidzi. Duwalo ndi pyrethrum. Linakafika ku Japan, kumene Eiichiro Ueyama anayamba kuumba ufawo kukhala timitengo tofukiza, ndipo mu 1902 timitengoto tinayamba kugulitsidwa titapindidwa mozungulira. Makoyilo a udzudzu amene timagula pa golosale kwathu anachokera kumeneko. Mu 1928 duwali linabzalidwa ku mapiri a ku Kenya, ndipo m'kupita kwa nthawi Kenya inakhala dziko lotsogola polilima.

Pyrethrum imagwira khomo la sodium kuti lisatsekeke. Mtsempha umangotumiza uthenga wosalekeza, kachilombo kamanjenjemera, kugwa chagada, basi. Vuto lake linali limodzi: dzuwa likaiwomba imatha mphamvu m'maola ochepa. Wopopera lero, mawa udzudzu wabwerera.

Wothetsa vutoli anali Paul Müller wa kampani ya Geigy ku Basel m'dziko la Switzerland. Iye ankafuna mankhwala okhalitsa, otsika mtengo, osapha mbewu kapena anthu. Atayesa mankhwala oposa 300, mu 1939 anapopera ena m'bokosi la galasi momwe munali ntchentche, zonse zinafa, ndipo ntchentche zina zimene anaikamo pambuyo pake zinafanso. Mankhwalawo anali DDT. Sanali atsopano ayi, wophunzira wina dzina lake Othmar Zeidler anali atawapanga kale mu 1874 osadziwa ntchito yake. Nkhondo yachiwiri ili m'kati, kumapeto kwa 1943 ndi kumayambiriro kwa 1944, mumzinda wa Naples ku Italy munabuka matenda a typhus amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'zovala. Asilikali a mayiko ogwirizana anathira ufa wophera nsabwe, makamaka DDT, m'malaya ndi m'tsitsi mwa anthu oposa miliyoni imodzi, mliriwo n'kuzilala. Müller analandira mphoto ya Nobel mu 1948, ndipo onani, inali mphoto ya zachipatala. Mu 1955 bungwe la WHO linayambitsa ntchito yofuna kuthetseratu malungo pa dziko lonse podalira DDT, ngakhale mbali yaikulu ya Africa ya kum'mwera kwa Sahara, kumene malungo anali oopsa koposa, siinalowetsedwe mokwanira mu ntchitoyo. Mu 1969 cholingacho chinasiyidwa.

DDT nayo imamenya pa khomo lomwe lija la sodium. Ikakhala ufa silowa kwenikweni pa khungu la munthu, pamene kachilombo imakalowa mosavuta kudzera m'miyendo. N'chifukwa chake anthu a ku Naples sanagwe. Koma kukhalitsa kumene Müller ankakufuna ndi kumene kunadzetsa mavuto. DDT siwola msanga, imabisala m'mafuta a m'thupi, ndipo imachuluka ikamakwera kuchoka ku tizilombo kupita ku nsomba, kuchoka ku nsomba kupita ku mbalame zodya nsomba. Mazira a mbalamezo amakhala ndi chikamba chopyapyala, make akati afungatire n'kusweka. Rachel Carson analemba za kuopsa kwa mankhwalawa m'buku lake la Silent Spring mu 1962, ndipo America inaletsa DDT m'minda mu 1972. Abale amene muli ku Zimbabwe, izi si za azungu okha: kumeneko DDT inagwiritsidwa ntchito polimbana ndi kashembe, ndipo ofufuza anapeza mazira a nkhwazi za ku nyanja ya Kariba ali opyapyala.

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku Germany, chifukwa gulu la mankhwala limene ife a chipatala timaliopa linabadwira kumeneko. Gerhard Schrader wa kampani ya IG Farben ankafufuza mankhwala ophera tizilombo ta m'minda. Mu December 1936 anapanga ena amene kadontho kake kanamuchititsa iye mwini kubanika ndi kusaona bwino. Anali tabun. Mu 1938 gulu lake linapanga sarin. Boma la Hitler linazitenga kukhala zida za nkhondo. Ku banja lomweli, lotchedwa organophosphate, kunachokera parathion mu 1944, imene nkhondo itatha inagulitsidwa kwa alimi pa dziko lonse n'kupha anthu osawerengeka. Mankhwala amenewa amamanga manja wosesa uja. Acetylcholine imangounjikana, ikugogoda osaleka, ndipo thupi lonse limalandira malamulo onse nthawi imodzi. Tsoka lake n'lakuti wosesa wa kachilombo ndi wosesa wa munthu amafanana kwambiri. Amene munali ku Britain mu March 2018 mukukumbukira za Novichok ku Salisbury. Imeneyo imamenya malo omwewo.

Amene anaonapo munthu wotere saiwala. Malovu amatuluka ngati mpopi, thukuta kamukamu, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, kamwana ka m'diso kali kakang'ono ngati nsonga ya singano, mtima ukugunda pang'onopang'ono, m'chifuwa muli phokoso la madzi. Chimene chimapha ndi kulephera kupuma, munthu amamira m'madzi a m'thupi lake lomwe. Timabaya atropine mobwerezabwereza mpaka chifuwa chiume, ndipo mlingo wake umatha kufika poti tsiku wamba sitingayerekeze kupereka. Tameki amene amagulitsidwa m'timapepala m'misika ngati mankhwala a makoswe, amene ku South Africa amamutcha two step, dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo Temik linali dzina la malonda. Ndi wa banja lina lotchedwa carbamate koma amamanga wosesa yemweyo. Sanapangidwire makoswe konse, anali wothira m'nthaka m'minda. Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono, poti mafoni a kumudzi amatipeza usiku ife amene timatchedwa a chipatala. Munthu akamwa kapena kuthiridwa mankhwala otere, musataye nthawi ndi mkaka, musamusanzitse. Muvuleni zovala zimene zanyowa, musambitseni ndi sopo, mugonekeni chammbali, thamangani naye ku chipatala mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo. Ndipo mankhwala a m'dimba asasungidwe m'botolo la zakumwa, mwana sadziwa kuwerenga.

Komabe m'banja loopsali ndi mmene munatulukira nzeru imene inasintha zinthu. Mu 1950 kampani ya American Cyanamid inatulutsa malathion. Payokha malathion ilibe ukali wambiri. Ikalowa m'thupi la kachilombo, thupilo limaisandutsa malaoxon, chiphe chenicheni. Ikalowa mwa munthu, chiwindi chili ndi zida zimene zimaidula msanga isanasanduke yambiri, zotsalazo n'kutuluka ndi mkodzo. Apa mpamene anthu anaona poyera kuti sikofunika kuti mtsempha ukhale wosiyana, bola chiphe chisafike ku mtsempha wa munthu. N'chifukwa chake kuno ku Britain malathion inavomerezedwa kugulitsidwa m'mafamase ngati mankhwala a nsabwe za m'mutu mwa ana a sukulu. Koma chitetezo chimenechi chili ndi malire. Mu 1976 ku Pakistan, opopera mankhwala a malungo oposa 2,000 anadwala ndipo asanu anamwalira, chifukwa malathion imene ankagwiritsa ntchito inali ndi zosafunika zina zimene zinkalepheretsa chiwindi kugwira ntchito yake ija. Actellic amene timathira mu chimanga kuti anankafumbwe asachifumbwe ali ndi pirimiphos-methyl, wa banja lomweli koma wa mbali yofatsa. Ndi chifukwa chake mlingo wolembedwa pa botolo uyenera kutsatidwa ndithu.

Amene mumakhala ku Luton, mukakwera sitima yopita ku London mumadutsa pa Harpenden. Pamenepo pali malo akale a kafukufuku wa zaulimi otchedwa Rothamsted, ndipo ine ndimati Mmalawi aliyense wodutsapo akanamavula chipewa. Michael Elliott ndi anzake anakhala zaka zambiri kumeneko akusinthasintha kapangidwe ka chiphe cha duwa la pyrethrum, kufuna kuti chisaope dzuwa koma chisakhalitsenso ngati DDT. Mu 1973 analengeza permethrin, chaka chotsatira deltamethrin. Amenewa ndi ma pyrethroid, ndipo ndi amene ali pa maneti athu komanso m'zitini zambiri zopopera m'nyumba.

Chimene chimapulumutsa khanda lija ndi zinthu zingapo zophatikizana. Khomo la sodium la kachilombo limagwidwa ndi mankhwalawa mosavuta kuposa la munthu. Mankhwalawa amaluma kwambiri pozizira, ndipo thupi la udzudzu limatsata kuzizira kwa usiku pamene lathu limakhala pa madigiri 37. Khungu lathu limalowetsa ochepa, ndipo ochepawo chiwindi chimawaphwanya. Onjezani kuti udzudzu ndi kanthu kolemera mamiligalamu awiri kapena atatu basi. Ndi chifukwa chake tingathe kupaka nkhalamba ya zaka 90 kirimu wa permethrin thupi lonse mphere zikabuka m'nyumba zosamalira okalamba, n'kuisambitsa patapita maola 8 kapena 12, tizilombo tafa, mwini wake ali bwinobwino. Koma si nyama zonse zili ndi mwayi wathu. Chiwindi cha mphaka chimalephera kuchotsa permethrin, choncho amene mwayamba kuweta ziweto za m'nyumba kunja kuno, mankhwala a utitiri a galu musathire mphaka, adzanjenjemera mpaka kufa. Nsomba nazo sizipirira. Neti ya udzudzu ikalowa m'nyanja kukakokera usipa, kuwonjezera pa kukokolola tiana ta nsomba, yalanda mwana wina pogona potetezeka.

Maneti onyikidwa mu permethrin anayesedwa ku Burkina Faso cha m'ma 1984, ndipo kafukufuku wa ku Gambia amene anasindikizidwa mu 1991 anaonetsa kuti imfa za ana zimatsika. Kafukufuku wa m'mayiko angapo atamuphatikiza, anapeza kuti maneti otere amachepetsa imfa za ana aang'ono ndi pafupifupi 17 pa 100 aliwonse. Kwathu ntchitoyi inayambira m'boma la Blantyre mu 1998 ndi maneti a Chitetezo, ndipo ambiri mukukumbukira Mbwezera Chitetezo, mankhwala onyikamo neti m'beseni mphamvu ikatha. Pambuyo pake kunabwera maneti amene mankhwala ake amakhala mu ulusi momwemo kwa zaka pafupifupi zitatu, ndipo mu 2012 anagawidwa ulere m'dziko lonse. Ofufuza anawerengera kuti pakati pa 2000 ndi 2015 Africa inapewa kudwala malungo kokwana 663 miliyoni, ndipo magawo 68 pa 100 a phindu limeneli anachokera ku maneti. Ine amene ndinagwirapo ntchito mu wodi ya ana nthawi ya dzinja, ana atatu pa bedi limodzi, ena akukomoka, ena akudikira magazi, nambala imeneyi sindiiwerenga ngati nambala chabe.

Udzudzu sunakhale chete. Kale mu 1946 ndi 1947 ntchentche za ku Sweden ndi Italy zinali zitayamba kupirira DDT, ndipo mu 1951 udzudzu wa malungo ku Greece unachitanso chimodzimodzi. Sikuti kachilombo kamaphunzira ayi. Mwa miyandamiyanda pamapezeka kamodzi kobadwa ndi khomo losiyana pang'ono, anzake onse akafa iko kamatsala n'kuberekana. Poti DDT ndi pyrethroid zimamenya khomo limodzi, kusintha kumodzi kumateteza ku zonse ziwiri, ndiye m'madera ena udzudzu unali utakonzeka kale maneti asanafike. Anathandiziranso ndi mankhwala a m'minda ya thonje ndi mpunga amene amatsikira m'zithaphwi momwe udzudzu umaswana.

Koma udzudzu wa kwathu wotchedwa Anopheles funestus unatenga njira ina, ndipo ndi imene imandichititsa chidwi kwambiri. Khomo lake sunasinthe. Unachulukitsa zida za m'thupi zophwanya chiphe chisanafike pa mtsempha, ndiye kuti unayamba kuchita chomwecho chimene chiwindi cha khanda chimachita. South Africa inalawa zimenezi poyamba. Mu 1996 inasiya kupopera DDT m'nyumba n'kuyamba pyrethroid. Funestus, amene anali atasowa kwa zaka zambiri, anabwerera ku KwaZulu-Natal kuchokera ku Mozambique ali wosamva mankhwala, ndipo mu 2000 odwala malungo m'dzikomo anaposa 60,000. Boma linabwerera ku DDT chaka chomwecho, matenda n'kutsika. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene pangano la Stockholm la 2001, poletsa mankhwala okhalitsa m'chilengedwe, linasiyira mpata DDT yolimbana ndi matenda. Ku Malawi funestus wosamva pyrethroid analengezedwa mu 2010 atapezeka pa chilumba cha Likoma, kenako ku Nkhotakota, Chikwawa ndi madera ena. Ku Nkhotakota, kumene kupopera m'nyumba kunayamba mu 2007 ndi pyrethroid, anakakamizika kusinthira ku Actellic wopopera pa khoma, wokwera mtengo kwambiri. Dandaulo lija la kumudzi lakuti maneti amabweretsa nsikidzi nalonso lili ndi pogwira. Neti sibereka nsikidzi, koma nsikidzi zambiri masiku ano sizifa ndi pyrethroid, pamene kale neti yatsopano inkazipha. Munthu akatiuza zimenezi tisamuseke, timuthandize kuthana ndi nsikidzizo kuti neti asaitaye.

Malo achitatu aja, olandirira uthenga, ife a dziko la fodya timawadziwa mwa njira ina. Chikonga cha mu fodya chimadzionetsa ngati acetylcholine, n'kukagogoda pa malo ake osachokapo. Alimi a ku France ankathira madzi a fodya pa mitengo ya zipatso cha m'ma 1690, ndipo chikonga chinagulitsidwa m'mabotolo ngati mankhwala a m'munda kwa zaka zambiri. Koma chikonga sichisankha. Amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame amadziwa chizungulire, nseru ndi mutu umene umabwera chikalowa pa khungu, ndipo ana ogwira ntchito m'maesiteti ndiwo amavutika koposa. Mu 1985 Shinzo Kagabu wa ku Japan, akugwira ntchito ku kampani yogwirizana ndi Bayer, anapanga imidacloprid, imene inayamba kugulitsidwa mu 1991. Iyi imakakamira mwamphamvu pa malo olandirira a kachilombo koma mofooka pa a munthu, ndiponso silowa bwino mu ubongo wathu. Pa kusiyanitsa munthu ndi kachilombo, gulu limeneli la neonicotinoid linachita bwino kwambiri. Chimene silingathe ndi kusiyanitsa nsabwe za m'masamba ndi njuchi. Mankhwalawa amayenda m'chomera chonse mpaka mu mungu ndi timadzi ta m'maluwa, ndipo njuchi imene yamwa pang'ono imatha kusokonezeka osapezanso njira ya ku mng'oma. Mu 2018 mayiko a European Union analetsa atatu mwa mankhwalawa kugwiritsidwa ntchito panja. Amodzi mwa atatuwo, clothianidin, WHO inali itawavomereza mu 2017 kuti azipoperedwa pa makoma a m'nyumba polimbana ndi udzudzu wosamva pyrethroid. Pa khoma la kuchipinda njuchi sifikapo, ndipo ine sindikuona kutsutsana pa zigamulo ziwirizi.

Pa maneti, yankho loyamba linali kuwonjezera mankhwala otchedwa PBO, amene payekha sapha udzudzu koma amatseka zida zake zija zophwanyira chiphe, kuti pyrethroid ifike pa mtsempha monga kale. WHO inavomereza maneti otere mu 2017, ndipo kwathu agawidwapo. Yankho lachiwiri linabwera mu March 2023, pamene WHO inalimbikitsa maneti ophatikiza pyrethroid ndi chlorfenapyr, kutsatira kafukufuku wa ku Tanzania ndi Benin amene anaonetsa kuti malungo mwa ana anatsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi maneti wamba. Chlorfenapyr samenya mtsempha konse. Amaletsa thupi la udzudzu kupanga mphamvu kuchokera ku chakudya, ndipo amapha mochedwa, patapita tsiku limodzi mpaka atatu, kotero wogona mu neti yotere asadabwe akaona udzudzu wateramo n'kuulukanso. Monga malathion, amayamba wasandutsidwa kaye m'thupi la kachilombo kuti akhale chiphe, ndipo zida zimene zimamusandutsa ndi za mtundu womwe uja umene funestus anachulukitsa pothawa pyrethroid.